Tsiku Limene Mfumu Chouma Idatuluka Thukuta

Kuseri kwa mapiri aja amene palibe adaonapo nsonga zake kuli ufumu wotchedwa Mvumbi. Mukafuna kupitako musavutike n'kufunsa njira, ingolondolani kumene madzi akuchokera. Dzikolo lili ndi nyengo zitatu: mvula yoyamba, mvula yapakati ndi mvula yotsiriza, ndipo yotsirizayo imatha m'mawa wa tsiku limene yoyamba ikuyambiranso. Dzuwa amalidziwa ndithu, tisawanamizire. Ana amalijambula kusukulu, ndipo pali madala ena amene amalumbira kuti lidatulukapo Lachiwiri lina, kungoti iwo tsikulo adali m'nyumba akudwala malungo.

Mumzinda wa Zithaphwi, likulu la dzikolo, munkakhala bambo wina dzina lake Zefaniya Kamtedza. Ntchito yake idali yogwira ambulera ya mfumu, ndipo amene wayamba kuseka aleke. Mwambo wa ku Mvumbi umati mutu wa mfumu sukhudzidwa ndi dontho la mvula kuyambira pobadwa mpaka polowa m'manda, ndipo udindo woonetsetsa zimenezi udali wa banja la a Kamtedza. Agogo ake a Zefaniya adaigwira ambulerayo mpaka phewa lidapendekeka. Bambo ake adamwalira mkono uli chiimikire m'mwamba, moti amisiri a bokosi adachita kuonjezera thabwa. Ambulerayo idali yaikulu, ya nsalu yofiira yokhuthala, ya mphonje zolendewera kuzungulira konse, ndipo chifukwa cha ukalamba idachita kadzenje pamwamba momwe madzi ankadikhamo. Luso lonse la a Kamtedza lidagona pa kadzenje kameneka: kakadzaza, umangopotoza dzanja pang'ono, madzi n'kukhuthukira kumbuyo mfumu osamva kanthu. Zefaniya ankachita zimenezi ngakhale akusinza.

Malipiro a ntchitoyi sadali oti munthu n'kuwatchula pagulu. Koma inkabwera ndi chinthu chimene anthu a ku Zithaphwi amangochilota, nyumba ya malata osadontha. Zefaniya asanalandire ambulera, iye ndi mkazi wake Nagama ankakhala ku Chidontha, kuseri kwa msika, m'nyumba imene mabeseni ndi mapoto ndiwo ankagona pabedi, eni ake n'kumagona chokhala pakona. Kumeneko n'kumene Nagama adatengera chifuwa cha mphumu, chija chomveka ngati munthu akucheka thabwa. Atalowa m'nyumba ya malata chifuwacho chidayamba kumvera, mpaka mayiyo adabwerera masaya. Zefaniya ankaikonda nyumbayo kuposa mfumu, ngakhale zimenezi sankazinena. Ndipo ankadziwa bwino mapeto a mwambo uja: tsiku limene mvula idzakhudze mutu wa mfumu, wogwira ambulera adzapereka ambulera ndi makiyi a nyumba tsiku lomwelo.

Tsono poti a Kamtedza ntchito ankaidziwa, Mfumu Chouma Wachisanu idakula mpaka kuchita dazi osadziwa kuti mvula imamveka bwanji pakhungu. Inkadziwa kuti kuli chinthu chotchedwa mvula, chimene nduna zinkati chimagwa kuminda, komwe kuli ntchito yake. Phokoso la padenga ndi pa ambulera ndilo linkaizunguza ili mwana, ndipo tsiku lina idafunsa mlezi wake kuti panja pakuchitika chiyani. Mleziyo, pofuna kuti mwana agone, adati ndi anthu akuombera m'manja mwana wa mfumu. Bodzalo palibe adalikonza, poti wolikonza akadayenera kufotokozanso chifukwa chake anthu saomba m'manja. Dziko lonse nkhaniyi linkaidziwa, kupatula mwini wake. Motero mfumu inkakhulupirira kuti imakondedwa usana ndi usiku, ndipo m'nyengo ya mvula yapakati inkakondedwa mpaka milatho kukokoloka.

Mavuto adayamba mfumu itapita kukacheza kwa mfumu inzake kutsidya kwa nyanja yamchere. Kumeneko kudali kouma, moti Zefaniya ankangoyenda pambuyo ambulera ili kukhwapa. Eni dziko adaitengera mfumu ku chikondwerero cha nyimbo cha pa chilimwe, pabwalo lopanda denga, anthu atagona pa kapinga, magalasi akuda kumaso, oimba akusinthana pansanja kuyambira m'mawa. Mfumu Chouma idasirira mpaka malovu. Chimene chidaimvetsa chisoni n'chakuti padenga la nyumba ya inzakeyo padali zii nthawi zonse, ndipo pobwerera idauza Zefaniya kuti munthu uja ndi wabwino, kungoti anthu ake samukonda.

Itangofika idaitanitsa bwalo la nduna. Idalowa itavala magalasi akuda, ndipo nduna zonse zidaimirira n'kuyamikira kuti maso a mfumu tsopano akuona patali. Mfumu idati ngati anthu osadziwa n'kuomba m'manja komwe ali ndi chikondwerero, kuli bwanji a ku Mvumbi amene manja awo sapuma. Idalamula kuti kukhale Chikondwerero cha Nyimbo za pa Chilimwe, pabwalo, popanda denga, monga amachitira anzathu otukuka. Nduna ya Zanyengo, nkhalamba imene sidalakwitsepo ulosi chifukwa tsiku lililonse inkangonena zomwezo, idakweza chala mwamantha n'kufunsa kuti nanga mvula.

"Mvula ipite kuminda," idatero mfumu. "Ku chikondwerero sitidaiitane."

Nduna zidaomba m'manja, ndipo padenga napo padathandiza.

Mawu a mfumu akalowa m'manja mwa Nduna Yaikulu, a Vomerani, ankatuluka atabereka ana ndi zidzukulu. Pofika madzulo lamulo lidali litapsa, ndipo adaliwerenga m'bwalo lisanapite pa wailesi. Mwezi wa chikondwerero udatchedwa Chilimwe. M'mwezi umenewo mvula sigwa m'dziko la Mvumbi, ndipo aliyense wotchula dzina lake pagulu akutsutsa mfumu. Majombo, majasi apulasitiki ndi maambulera n'zoletsedwa. Wotambasula ambulera akunena ndi manja zimene akuopa kunena ndi pakamwa, choncho adzalandidwa ntchito, nyumba ndi ambulera yomweyo. Nduna ya Zanyengo idapatsidwa tchuthi kuti ikapume, poti nyengo idali itadziwika kale.

Zefaniya adamva zonsezi ali chiimire kumbuyo kwa mpando wa mfumu. Akatambasula ambulera pa chikondwerero, nyumba yapita. Akapanda kutambasula, mfumu inyowa, nyumba yapitanso. Adadikira a Vomerani pakhonde, nanyonyomala mwaulemu, n'kufunsa kuti pakati pa mwambo ndi lamulo iye atsate chiti. A Vomerani adamuyang'ana ngati wafunsa zachibwana.

"Zonse ziwiri n'zabwino, a Kamtedza. Muzitsate."

Popita kwawo adadzera pamsika. Mvula inkagwa monga mwa masiku onse, yosapsa mtima, yongogwira ntchito yake. Asilikali a mfumu ankayenda benchi ndi benchi kutolera maambulera n'kumaponya m'lole, iwonso madzi akutsika m'zipewa. Anthu a ku Zithaphwi sachedwa kuphunzira lamulo, makamaka likabwera ndi lole. Ankapatsana moni akufinya malaya, wina n'kumati mwaswera bwanji ndi dzuwali, mnzake n'kuyankha kuti lero laswa mtengo, mpaka lalowa m'nsapato. Wogulitsa makala ankadandaula kuti makala ake auma kwambiri moti akukana kuyaka. Msilikali wina ataterereka n'kugwa chagada m'matope, amayi a tomato adamudzutsa n'kumupepesa kuti fumbi la chaka chino n'loterera.

Mayi Nachisale, amene adalera ana ake onse ndi malonda a maambulera ndi majombo, adali atayala kale magalasi akuda ndi zokupizira mphepo. Adaona ambulera yofiira itakulungidwa kukhwapa kwa Zefaniya, poti mwambo unkalola wogwira ambulera kupita nayo kwawo kukaiumitsa ndi kuisoka. Adamufunsa ngati sangafune magalasi, n'kunena kuti ndi abwino kwambiri, munthu ukawavala suona chilichonse. Zefaniya sadaseke.

Kunyumba adapeza Nagama akusita. Adamufotokozera zonse, n'kumaliza ndi kunena kuti ayambe kufunsafunsa ngati ku Chidontha kukadali kanyumba. Nagama adali munthu wosafulumira kudabwa. Adaika simbi pansi, nayang'ana kudenga kwake kouma, n'kufunsa ngati boma latsimikizadi kuti dzuwa lidzakhala loswa mtengo. Zefaniya adati latsimikiza, zili pa wailesi.

"Ndiye mukufuna mfumu ipse mutu, bambo? Dazi lonse lija?"

Zefaniya adamuyang'ana mkazi wake monga adamuyang'anira tsiku la chinkhoswe. M'mawa mwake adalawirira kwa a Vomerani n'kunena kuti iye, monga kapolo wa lamulo, sangayerekeze kutambasula ambulera, koma akuda nkhawa ndi dzuwa limene boma lalengeza, ndipo akupempha chilolezo chogwirira mfumu mthunzi. Nkhaniyi idakambidwa m'bwalo tsiku lathunthu. Adagwirizana kuti chinthu chofiira chija si ambulera ndipo sichidakhalepo ambulera, ndi Mthunzi wa Chifumu. Nduna zina zitaona mpata zidafunsa ngati nazonso zingapezeko timithunzi. Koma mfumu idati kunja kuja sidaoneko nduna ili ndi mthunzi, ndipo a Vomerani, mtima ukuwawa, adalengeza kuti dzuwa limaotcha kwambiri amene ali pamwamba chifukwa ndiwo ali nalo pafupi, choncho mthunzi umayambira kumwamba n'kumatsika malinga ndi udindo, zinthu zikalola. Chaka chino zidalola mfumu yokha. Adamufunsa Zefaniya ngati akugwirizana nazo, iye n'kuvomera ndi mtima wonse. Adabwerera kwawo akuimba mluzu.

Chimwemwecho sichidakhalitse. Adapeza pabedi pali nsalu yachikasu yokhala ndi nkhope ya mfumu pakati pa dzuwa. Akazi onse a antchito a kunyumba yachifumu adalamulidwa kukavina chimtali pa chikondwerero, ndipo Nagama sadamuiwale. Zefaniya adabwereranso kwa a Vomerani kukadandaula za chifuwa. Adamuyankha kuti madokotala onse amagwirizana kuti odwala mphumu amafunika kuothera dzuwa, choncho athokoze boma.

Chikondwerero chidachitikira ku Dambo la Achule, limene sabata imeneyo lidasinthidwa dzina kukhala Bwalo la Dzuwa, ngakhale eni ake achulewo sadauzidwe. Anthu adabwera pa malole kuchokera m'zigawo zonse, poti wosabwera ankafunsidwa chifukwa. Kapinga wogonapo adalipo, kungoti adali pansi pa madzi. Aliyense adavala magalasi akuda, ndipo ambiri ankayenda chopapasa n'kumapondana. Kutsogolo kudali nsanja ya oimba, pambali pake nsanja ya nduna, zonse zopanda denga. Pakati pa nduna padakhala mfumu, youma ngati mtedza wokazinga, Zefaniya ali kumbuyo mkono uli m'mwamba.

Tsikulo mvula idabwera ngati ndiyo mlendo wolemekezeka. Gulu loyamba litangoyamba, zimkuzamawu zidatsokomola n'kutulutsa utsi. Woimba gitala wa gulu lotsatira adagwidwa ndi magetsi n'kuyamba kunjenjemera thupi lonse, ndipo achinyamata, poganiza kuti ndi gule watsopano, adamutsanzira mpaka wina adazimitsa jenereta. Oimba ng'oma adapempha kuti akoleze moto awambe ng'oma zawo, poti chikopa chonyowa sichilankhula, koma adafunsidwa kuti ndani amakoleza moto kukutentha chonchi. Ng'omazo zidalira ngati munthu akumenya dzungu. Amene adaimba bwino tsikulo adali achule, ndipo mfumu itafunsa kuti kwaya imeneyo ndi ya kuti, a Vomerani adati ndi ya kumudzi kwawo.

Koma mfumu idali pa chimwemwe chosaneneka. Pa Mthunzi wa Chifumu pankamveka kuomba m'manja kumene sidakumvepo chibadwire, ndipo kawirikawiri inkatembenuka n'kuuza Zefaniya kuti amve yekha mmene anthu akukondwera. Zefaniya ankayankha kuti akumva, mwini dziko, n'kupotoza dzanja kukhuthula madzi kumbuyo. Nduna zidakhala chiwongokere, masuti atamatirira m'thupi, zikumwetulira mano akugundana.

Dzuwa la boma litapendeka adalowa amayi a chimtali. Adalowa bwino ndithu, atamanga nsalu zachikasu, akuimba nyimbo yothokoza mfumu chifukwa chobweretsa chilimwe. Polowa matope ankalekeza m'akakolo, ndipo atazungulira kangapo adafika m'mawondo. Utoto wa nsalu udayamba kusungunuka, nkhope ya mfumu n'kumatsikira m'miyendo. Nyimbo itatha mfumu idati abwereze. Atabwereza idati abwerezenso, poti anthu sakuleka kuomba m'manja ndipo si bwino kuwakhumudwitsa. Tsono ku Mvumbi gule wa pamaso pa mfumu satha mpaka mfumu itaimirira, ndipo mfumu yokhala pouma, pa mpando wa khushoni, ilibe chifukwa choimirira.

Zefaniya maso ake adali pa mkazi wake. Poyamba ankavina ngati anzake. Kenaka adaona kuti waleka kuimba, akungotsegula pakamwa. Kenaka mapewa adayamba kukwera ndi kutsika mwa njira ija imene iye ankaidziwa kuyambira ku Chidontha, ndipo ngakhale padali achule, ng'oma ndi mvula, chifuwacho adachimva ngati chili pakhutu pake. Nagama adagwada m'matope, mnzake adamudzutsa msanga asilikali asanaone, navinanso pang'ono, n'kugwadanso. Zefaniya adachita mantha amene sadachitepo. Adaweramira kukhutu kwa a Vomerani n'kunong'ona kuti amayi atopa. A Vomerani adayankha osatembenuka kuti mfumu sidatope.

"Abwerezenso," idatero mfumu.

Pamenepo kadzenje kaja ka pa ambulera kadali katadzaza. Zefaniya adamva kulemera kwake padzanja, monga ankamvera tsiku ndi tsiku. Adaganiza za malata ake, za makiyi, za mabeseni a ku Chidontha, za bambo ake amene adapita kumanda mkono uli m'mwamba osalakwitsapo. Adayang'ananso m'bwalo, naona kuti ulendo uno Nagama wachedwa kudzuka. Adabweza ambulera m'mbuyo pang'ono n'kupotoza dzanja monga mwa nthawi zonse, kungoti adapotozera kutsogolo.

Madzi adatsika onse pamodzi, khuthu, pa dazi la mfumu, n'kulowa m'khosi mwa mkanjo mpaka kumsana. Ng'oma zidaleka. Amayi adaima miyendo ili m'matope. Bwalo lonse lidangoti zii, kupatula achule amene sadziwa mwambo. Mfumu idakhala kanthawi kukamwa kuli yasa, kenaka idagwira pamutu, niyang'ana dzanja lake lonyowa ngati la munthu wina.

"Vomerani, ichi n'chiyani?"

A Vomerani adayang'ana nduna zinzawo, nduna zidayang'ana nsapato zawo. Dzina la chinthucho aliyense ankalidziwa, koma lamulo loletsa kulitchula adapanga ndi iwo omwe, ndipo asilikali adali pomwepo ndi lole yawo.

"Ndi thukuta, mwini dziko. Dzuwa lakula."

"Thukuta lozizira chonchi?"

"La mafumu limatero, mwini dziko."

Mfumu idavula magalasi akuda kuti iwapukute, ndipo kwa nthawi yoyamba idayang'anitsitsa anthu ake. Idaona khamu lonse lili chiimire m'madzi, malaya atamatirira, ana kumsana akunjenjemera, amayi a nsalu zachikasu utoto ukuyenderera m'miyendo. Zefaniya adati mumtima mwake, basi, lero yaona, ndipo nyumba ngati ikupita ipite mfumu itaona. Mfumu idayang'ana nthawi yaitali, misozi n'kulengeza m'maso.

"Anthu anga," idatero ndi mawu onjenjemera, "thukuta lonseli chifukwa cha ine?"

Idaimirira poti msana unkazizira, ndipo gule adathera pomwepo. Zefaniya poiperekeza ku galimoto adacheuka, naona Nachisale ndi amayi ena atamunyamula Nagama kutuluka naye m'matope. Adali wofooka koma ankapuma.

M'mawa mwake adamuitanira ku bwalo la nduna. Adanyamuka makiyi ali m'thumba, wokonzeka kupereka. Pamsika nkhani idali imodzi yokha, yoti mfumu yatuluka thukuta, ndipo wogulitsa makala uja ankauza aliyense kuti aka n'koyamba m'mbiri ya Mvumbi munthu wa kunyumba yachifumu kupezeka ndi thukuta, boma lifufuze kuti adagwira ntchito yanji. M'bwalo nduna zonse zinkayetsemula, ndipo wailesi idali italengeza kale kuti mumzinda mwagwa chimfine cha dzuwa.

A Vomerani akadatha akadamudya Zefaniya wamoyo, poti adaona bwinobwino mmene dzanja lija lidapotokera. Koma mlandu udavuta kuutchula. Mwambo umalanga wogwira ambulera mutu wa mfumu ukakhudzidwa ndi mvula, ndipo mvula kudalibe. Za thukuta mwambo sunenapo kanthu. Adazungulira uku ndi uku mpaka adaganiza zomutchera msampha kuti mwini wake atchule yekha.

"A Kamtedza, lumbirani pamaso pa mfumu. Chinkagwa pa Mthunzi wa Chifumu dzulo n'chiyani?"

Zefaniya adaganiza za Nagama amene adamusiya atagona pabedi louma, chifuwa chikuchekabe thabwa koma chikutsika pang'onopang'ono. Adagwada.

"Dzuwa lokhalokha, bwana. Ku Mvumbi mvula sigwa pa chilimwe."

Mfumu idakondwa ndi yankholo. Idati Kamtedza ndi munthu wokhulupirika ngati bambo ake, ndipo ntchito ndi nyumba zikhale zake mpaka imfa. Idatinso poti chikondwerero chayenda bwino chotere, ndipo anthu akuombabe m'manja mpaka lero, sikuona chifukwa chobwerera ku nyengo zakale zija. Chilimwe chipitirire chaka chonse, ndipo chikondwerero chizichitika mwezi ndi mwezi. Nduna zidaomba m'manja uku zikuyetsemula. Zefaniya, ndi chimwemwe, adagwira makiyi m'thumba kuti atsimikize kuti alimo.

Apo m'pamene a Vomerani adamina, napinda kampango kawo bwinobwino, n'kunena kuti patsala kankhani kakang'ono. Poti zikondwerero zichuluka, ndipo dzuwa dzulo lidaonetsa kuti silisewera, nthawi yakwana yoti mthunzi utsike pang'ono ufike pa nsanja ya nduna, monga lamulo lidanenera. Nduna zonse zidavomera ndi mawu amodzi. Vuto lidali loti mthunziwo unkafuna malata, ndipo a mumzindamo ndi obooka, amalowetsa dzuwa. Osabooka adali pa nyumba yachifumu, pa nyumba za nduna zimene palibe adazitchula, ndi pa nyumba ija ya boma imene ankakhalamo a Kamtedza. A Vomerani adatembenuka n'kumwetulira koyamba tsikulo.

"Nyumba ndi yanu, a Kamtedza, mfumu yanena. Koma mwalumbira nokha kuti mvula kulibe. Denga mukulifuniranji?"

Zefaniya adatsegula pakamwa kuti anene kuti nayenso dzuwa limamuotcha, koma adakumbukira kuti mthunzi umayambira kumwamba, ndipo iye mwini adavomera zimenezo ndi mtima wonse. Adayang'ana mfumu. Mfumu idali itavalanso magalasi, ikumvetsera padenga n'kumagwedeza mutu mokhutira. Adayankha chapansipansi kuti salifuna, bwana.

Amisiri a boma pa ntchito zina amachedwa, koma pa iyi adafulumira. Zefaniya pofika kwawo madzulo adapeza malata apita, yatsala mitengo ya denga yokha. Chitseko adachisiya chili bwinobwino, ndipo adatsegula ndi makiyi ake. Nagama adali atakhala pampando pakati pa chipinda, atafunda bulangete, mabeseni ndi mapoto atayala kale pabedi monga ankachitira ku Chidontha. Zefaniya adamva chisoni ndi manyazi.

Adamasula chingwe cha ambulera yofiira, naitambasula, n'kuima kumbuyo kwa mpando wa mkazi wake, mkono m'mwamba, monga agogo ake ndi bambo ake ankaimira kumbuyo kwa mafumu. Nagama adatsokomola kanthawi, kenaka chifuwa chidatsika. Adamufunsa ngati mkono sukuwawa atagwira tsiku lonse, iye adati mkono wa a Kamtedza suwawa. Kadzenje katadzaza adapotoza dzanja, madzi n'kugwera kumbuyo, kutali ndi bulangete. Mvula idalimbika, ikugunda pa nsalu yofiira. Nagama adapendeketsa mutu n'kumvetsera.

"Tamverani, bambo," adatero. "Akukuomberani m'manja."